Mitsinje Isanu ya a Dinizi

Tafika, anzanga. Tafika dzulo masana, nyanja yamchere ija ndaiona ndi maso angawa, ndalowamo mpaka m'chiuno, ndipo botolo lija munkaliseka lili pawindo pathu, lodzaza mpaka kukhosi. Yankho, iwe unati tikabwerera pa Muloza titakwera kabaza, konzekera kulawa madziwo pamaso pa kalasi yonse. Koma si botololo lokha. Palinso china chimene ndikufuna mudzachione, ndipo kuti mudzachimvetse ndiyambe ndi a Dinizi. Musandidule pakamwa. Andidula mokwanira ulendo wonsewu.

A Dinizi mukuwakumbuka, telala uja ankasoka pakhonde la galaja ya adadi pa Luchenza, wa tepi m'khosi ndi Chichewa chopindikapindika. Anabwera kuno kuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambiki, anzawo atabwerera iwo anatsala. Pamene adadi anagula minibasi yakufa ija n'kuyamba kuisandutsa nyumba, bedi kumbuyo, kabati, kambaula ka gasi, chigubu cha madzi padenga, a Dinizi ndi amene anasoka matiresi ndi makatani onse. Adadi ankakonda kuwauza kuti, "Madala, ikangotha, mpando wa kuwindo ndi wanu. Tikakutulani pakhomo penipeni." Iwo ankangoluma ulusi n'kunena kuti, "Mwanena nokha, a Namakhwa."

Ine ndikaweruka ndinkakhala pafupi ndi makina awo, chifukwa pa Luchenza ponse ndi iwo okha amene sankatopa ndi kulongolola kwanga. Anandiphunzitsa mitsinje ya njira ya kwawo, motsatana, phazi likupalasa makina: Muloza, Likungo, Raraga, Namuti, Nipwera. Anandilemberanso pa kachikatoni ka ulusi. "Ukangowoloka Nipwera," ankatero, "tseka pakamwa kamodzi kokha m'moyo wako. Uimva nyanja."

Anamwalira mu Febuluwale ndipo tinawaika konkuno. Katani imodzi anaisiya yosapendera, ya windo la mpando wawo uja, m'munsi mwake atangopindamo n'kubayamo mapini asanu. Amayi anati adzamaliza. Sanamalize. Tinaipachika choncho.

Tinanyamuka tchuthi chitangoyamba, ine, adadi, amayi ndi Edina, mkulu wanga wa Fomu 4 amene foni yake ili ngati inamera m'dzanja. Adadi anatseka galaja masiku khumi okha. "Uno si ulendo wa matola," anatero. "Tiziyenda pang'onopang'ono, tikaona pokongola tiziima." Edina analanda mpando wa kuwindo, ine anandikankhira wapakati uja wotentha m'matako chifukwa injini ili pansi pake. Koma tisanafike pa Mulanje anayamba kudzikhotetsa.

"Zaithwa, sunthira uko."

"Ndisunthire kuti, pa giya?"

"Si iwe ukundipanikiza?"

"Ndili mbali ino ine."

Anayang'ana chitseko, anayang'ana ine, kenako anati kumbuyo n'kumene netiweki imagwira bwino, n'kukagona pabedi. Mpandowo unatsala wopanda munthu. Ndinafuna kusamukirapo koma sindinasamuke, ndipo musandifunse chifukwa.

Pamalire, mapasipoti atadindidwa, ndinatulutsa kachikatoni kanga n'kunena mokweza kuti, "Muloza uyu, tikuwoloka." Tinawoloka bwinobwino. Tsidya linalo, pa Milanje, anyamata a kabaza ankati tikamadutsa amavula zipewa. Adadi anatupa ndi chimwemwe. "Akuona ntchito ya manja anga," anatero. Ine ndinaona kuti sankayang'ana utoto kapena chigubu. Ankayang'ana windo la kumanzere.

Masiku awiri oyamba zinali bwino. Tinagona pabwalo la tchalitchi, tinaotcha chinangwa m'mphepete mwa msewu, ndipo ine ndinawerenga chikwangwani chilichonse, ngakhale za Chipwitikizi zimene sindikuzimva. Mwina ndinaonjeza, sindikana. Tikutuluka mu Mokuba amayi anagwira mutu.

"Mwana iwe, pakamwa pakopo pali batire?"

"Ndikungokuuzani pamene tili."

"Tili m'galimoto. Tikudziwa."

Adadi anawonjezera: "Ukatchulanso dzina limodzi, ukakhala padenga ndi chigubu."

Ndinapinda manja. Ndinalowetsa kachikatoni m'thumba. Kutsogolo kunaoneka mlatho wautali, madzi otakata pansi pake, azimayi akuchapa pamiyala, ndipo ine ndinaudziwa mtsinjewo koma ndinaluma milomo. Titatsala masitepe makumi awiri kuti tikwere mlathowo, injini inazima. Sinatsokomole, sinanjenjemere. Inangokhala chete ngati wailesi magetsi akathima.

Mukudziwa kuti minibasi zimenezi injini yake umaipeza utanyamula mpando wa kutsogolo. Adadi anamasula loko wa mpandowo n'kukoka. Unakana. Anakokanso ndi manja awiri mpaka mitsempha inatuluka m'khosi. "Mpando uwu walemera liti?" anatero. Kenako unangotukuka wokha mopepuka, pang'ono agwe chagada. Anayang'ana mafuta, batire, mafyuzi, waya uliwonse. Maola awiri, dzuwa likutiwamba, malole akutiimbira mahutala. Munthu amene wakonza magalimoto a theka la Thyolo anaima pamenepo akukanda m'mutu ndi sipanala.

Edina anasuzumira pawindo. "Ndikufuna ndilembe kuti tafera kuti. Ndi pati pano?"

"Pa Likungo," ndinamuyankha mokalipa. "Mtsinje wa Likungo uwo, maso ulibe?"

Adadi anapotoza kiyi kachikhumi ndi chiwiri. Inalira.

"Inali waya," anatero, akupukuta manja. "Ndinadziwa."

Kuyambira pamenepo tala anatha ndipo dziko linayamba kusintha. Anzanga, mitengo ya kokonati. Osati umodzi wa pahotela, koma mizere ndi mizere, yopendekera mbali imodzi ngati ikumvera miseche. Minda ya mpunga yosalala mpaka kumene maso alekezera, mbalame zoyera zitaima m'menemo, dothi likuyera pang'onopang'ono mpaka linasanduka mchenga. Tinaima pena n'kumwa madzi a kokonati, amayi anagula nkhanu zazikulu ngati mbale. Mayi wogulitsayo anatipatsa makokonati asanu. Amayi anamuonetsa zala zinayi. Iye anaseka, analoza galimoto ndi chibwano, n'kukana kulandiranso wachisanuyo.

M'mawa wa tsiku lachinayi padashibodi panali kapu yachitsulo yobiriwira, yothothoka m'mphepete. Ya a Dinizi. Inali yonyowa m'kati.

"Walongedza ndani imeneyi?" amayi anafunsa.

Anatembenukira kwa adadi.

"A bambo a Edina?"

"Mwina inatsalira m'kabati nthawi ankayeza makatani."

"M'kabati ndatsukamo ndekha kawiri."

Anaibweza m'kabati n'kutseka mwamphamvu. Ine pomanga makatani ndinaona kuti ija yosapendera yatsala ndi mapini atatu. Pamene panali awiri enawo panali posokedwa, timasitichi tating'ono tofanana, ulusi wabuluu. Ndinathamanga nayo nkhani.

"Amayi, mwayamba kupendera?"

"Ine ndi singano? Magalasi ndaiwala pa Luchenza."

"Ndiye Edina."

"Edina batani lokha amalimata ndi guluu. Tachoka apa, ukundiponda."

Pa Raraga zinachitikanso. Ine ndinali ndisanayankhule kuyambira kadzutsa, chifukwa adadi anati akufuna kumvetsera injini. Mlatho utangooneka, injini zii. Ulendo uno tinakhala kuyambira cha m'ma 10 mpaka dzuwa kupendeka. Adadi anamasula zimene anamanga dzulo lake, anayamwa paipi ya mafuta mpaka analavula dizilo, anatukwana munthu amene anawagulitsa galimotoyo ndi makolo ake omwe. Amayi anayamba kukumbutsa kuti iwo anati tipite ku Mangochi ngati anthu ena onse. Ine ndinakhala pamwala n'kumalemba m'kope langa, ndipo mukudziwa sinditha kulemba osatchula. "Ra-ra-ga," ndinanong'ona. "Tikuwoloka Raraga, kapena tidzawoloka chaka chamawa." Kumbuyo kwanga injini inalira, adadi asanabwezeretse n'komwe chotsekera.

Sananene kuti inali waya. Anakhala kaye atagwira chiongolero, kenako anati, "Mverani nonse. Ikazimanso kamodzi, tikubwerera. Sindingaphe ana m'tchire chifukwa cha madzi amchere."

"Adadi, tatsala mitsinje iwiri yokha."

"Wayambanso."

"Ndikungonena kuti Namu..."

"Zaithwa." Anamenya chiongolero. "Kuyambira pa Luchenza khutu langa lino silinapume. Galimoto ikudwala, ine ndikufuna ndiimve, iwe ndiye nyenyenye ngati chiwala. Khala chete mpaka titafika."

Edina anaseka kumbuyo. "Sangathe ola limodzi ameneyo."

Ndinalumbira mumtima kuti sadzamvanso mawu anga mpaka ndidzakwatiwe.

Mawa lake tinayenda m'kamsewu ka mchenga. Mphepo inayamba kumata pakhungu, ukanyambita milomo umamva mchere. Kumanja kunali mitengo ina yomera m'matope, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya akangaude, ndipo pamwamba pake ndinaona nsonga ya thanga la bwato ikuyenda yokha, bwatolo osaoneka. Ndinali ndi zinthu zana zoti ndinene. Ndinazimeza zonse. Cha m'ma 11 tinafika pa kamlatho ka matabwa, kamtsinje kake kakuda, kopanda chikwangwani. Ine ndinadziwa kuti ndi Namuti. Ndinayang'ana kumbali.

Injini inazima.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala chifukwa cha mkwiyo. Nyanja inali pomwepo. Inkamveka kuseri kwa mitengo ija, phokoso lalitali ngati lole imene ikubwera koma yosafika. Adadi ali m'injini, amayi akuphika mpunga mokankha mapoto, ine ndinatenga botolo langa n'kutsata kanjira kolowera kumene kumachokera phokosolo. Ndinayenda molunjika, ndikulumbira, dzuwa lili kumsana. Kanjirako kanandituluzira pagalimoto, pachitseko cha kumanzere. Ndinatenga kena. Kanandibweza pomwepo. Kachitatu ndinathamanga, matope mpaka m'mawondo, ndipo nditatukula mutu ndinali nditaima pachitseko chomwecho, katani ija ikugwedezeka ngakhale windo linali lotseka. Mapini anatsala awiri.

Madzulo adadi anaponya sipanala m'bokosi. "Mawa m'mawa ndikafuna thirakitala itikokere kutala. Tikupita kwathu." Anandiyang'ana, akudikira kuti ndilire kapena nditsutse. Ndinangotembenuka. Edina anandigwira phewa n'kunena motsitsa kuti, "Nenako chinachake, iwe." Ndinamuchotsa dzanja.

Kutatsala pang'ono kucha ndinadzuka. Kunkamveka kaphokoso kuchokera kutsogolo, pansi pa mpando. Osati injini. Kanali kakuti tekete-tekete-tekete, n'kuima, ngati phazi likupalasa makina koma nsalu yosayenda. Kankayamba, kuima, kuyambanso. Munali kafungo ka mafuta a makina osokera. Ndinamva amayi akumeza malovu, ndiye ndinadziwa kuti nawonso ali maso. Adadinso sankaliza mkonono. Tonse anayi tinagona chomwecho ngati mitengo, aliyense akunamizira tulo, mpaka kunja kunayera.

Adadi akumanga nsapato kuti azipita, kunatulukira mayi wina pamlatho paja, dengu la nkhono pamutu, matope oyera mpaka m'akakolo. Ataona nambala ya galimoto anamwetulira n'kutipatsa moni m'Chichewa chabwinobwino. Anati anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Mulanje. Analonjera adadi, amayi, Edina, ine. Kenako anatula dengu, anapita pawindo la kumanzere, anapinda mawondo n'kuomba m'manja mofatsa.

"Mwayenda bwanji, agogo?"

Anadikira ngati akumvetsera. Kenako anatembenukira kwa adadi, nkhope itasintha.

"Mwagona pano?"

"Galimoto yavuta, mayi."

"Mwawauza?"

"Kuwauza ndani?"

Mayiyo anayang'ana amayi, ngati akufunsa kuti kodi bambowa ali bwinobwino. "Kwanu mukanyamula munthu wotere mumangomuwolotsa madzi ngati thumba la chimanga? Saona njira ameneyu. Pamtsinje uliwonse umamuuza dzina, umamuuza kuti tikuwoloka. Apo ayi sasuntha. Nanga mitsinje yonse yam'mbuyoyi mwadutsa bwanji?"

Amayi anayamba kutembenuka pang'onopang'ono, Edina nayenso, mpaka onse atatu ankandiyang'ana ine.

Adadi anavula kapusi. Anaipinda, anaitambasula. "Mayi, sitinanyamule maliro ife. Munthuyo tinamuika mu Febuluwale."

"Munamulonjeza mpando?"

Adadi anakhala pansi pamchenga.

Mayi uja anasenza dengu lake. Anafunsa kumene tikupita, amayi n'kunditenga kachikatoni m'thumba n'kumuonetsa dzina lomaliza. Anapukusa mutu. "Kumeneko mudzi kulibe. Nyanja inadya kalekale. Koma pitani, iwo akudziwa." Ndipo anapitiriza ulendo wake osacheuka.

Tinakwera. Adadi anaika dzanja pa kiyi koma sanapotoze. "Zaithwa," anatero, akuyang'ana kutsogolo.

Ine chete.

"Mwana wanga."

Chete. Ndikuvomera, ndinafuna amve kuwawa pang'ono.

"Ndinalakwa. Uwauze."

Ndinatembenukira kumpando uja. Panalibe kanthu, anzanga, nsalu yokha ya mpando, koma mbali yanga ya kumanzere inkazizira kuyambira paphewa mpaka pabondo. Mawu anatuluka okhakhala chifukwa chosagwira ntchito tsiku lathunthu ndi theka. "A Dinizi, ndine Zaithwa. Pepani ndinakwiya. Namuti uyu, tikuwoloka."

Kiyi adadi anangomukhudza, injini n'kulira.

Kuchokera pamenepo palibe anandiletsa. Ndinawauza zonse: kuti kumanja kuli mpunga, kuti tadutsa ana atanyamula ukonde, kuti kokonati wina wagwa pamsewu tamuzungulira. Ndikapuma pang'ono amayi ankandikodola kumsana kuti, "Pitiriza." Titafika pa kamtsinje kosaya, kamchenga woyera pansi, kopanda ndi mlatho womwe, ndinati, "A Dinizi, Nipwera uyu. Tikuwoloka." Matayala analowa m'madzi n'kutuluka. Ndipo ndinatseka pakamwa monga anandiuzira.

Ndinaimva. Kenako tinakwera kachitunda ka mchenga, ndipo inali apo, yonse, yopanda tsidya, yobiriwira pafupi, yabuluu kutali, ikudzuka n'kudzigwetsa. Ngakhale Edina anaiwala kujambula.

Mudzi panalibedi. Panali zitsa za makokonati zitaima m'madzi, ndi khoma lozungulira la chitsime chakale, mafunde akulinyambita. Adadi anaimitsa galimoto, nthawi yoyamba ulendo wonse kuizimitsa okha pamalo amene sanasankhe. Anatsika, anazungulira kutsogolo, anatsegula chitseko cha kumanzere n'kuima pambali, kapusi ili m'manja.

"Madala," anatero, "pakhomo ndi pano. Pepani tachedwa."

Sindinaone munthu. Pamchenga sipanaoneke phazi. Koma galimoto inatukuka pang'ono mbali ya kumanzere, monga imachitira munthu akatsika, ndipo kafungo ka mafuta a makina kanatha. Adadi anakhala atagwira chitseko nthawi yaitali. Amayi anatenga kapu yobiriwira ija n'kukaiika pakhoma la chitsime.

Tinakhala masiku atatu m'mphepete mwa nyanjayo, tikusuntha pang'onopang'ono monga adadi ankafunira. M'mawa madzi ankathawa kutali n'kusiya mchenga wonyezimira, tinkatola zigoba, masana ankabweranso kudzatithamangitsa. Tinadya nsomba zimene sindikuzidziwa maina, ineyo, wosadziwa maina. Amayi analowa m'madzi ndi chitenje chomwe, funde linawagwetsa, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Pobwerera ndinafuna kuyesa. Pa Nipwera sindinanene kanthu. Galimoto inawoloka. Pa Namuti chete, inawoloka. Raraga, Likungo, inangodutsa ngati galimoto ina iliyonse. Pa Likungo paja ndi pamene ndinalira, ndipo Edina anachoka pabedi n'kudzakhala pampando wapakati, ine nditasamukira wa kuwindo. "Werenga zikwangwani, iwe," anatero. "Chete wakoyu akundidwalitsa." Adadi anati aliyense amene adzanditchulenso chiwala, kuphatikizapo iwo eni, adzakhala padenga ndi chigubu.

Tsono chinthu chija. Katani yatha. Yapenderedwa kuyambira nsonga mpaka nsonga, ulusi wabuluu, masitichi ofanana ngati anayezedwa ndi rula, ndipo kumapeto kuli kamfundo kawiri kamene a Dinizi ankamangira pa mayunifolomu athu. Tembenuzani siketi zanu muone, mukapeza komweko. Mapini asanu aja ndawapeza dzulo potsitsa katundu, atabayidwa mondandalika pa kachikatoni kanga, pini imodzi padzina lililonse.

Ndiye bwerani mawa tikaweruka. Galimoto ili kuseri kwa galaja, adadi avomera kuti mulowe awiriawiri, nsapato muvulire panja. Mudzagwire mpenderowo ndi zala zanu, mudzanunkhize, udakali ndi mchere. Shakira, ubwere ndi siketi ija anakusokera chaka chatha tidzafananitse. Yankho, iwe ubwere ndi kapu.